Chingwe cha a Namakhwa

Anthu a kwathu kuno, cha ku Lisasadzi, akamakamba za a Samsoni Namakhwa amayambira pa chingwe. Ine ndiyambira pa chala chawo chachikulu cha kumanja, chifukwa ndicho chinawasautsa moyo wonse. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata mu 1996, pa lole ya esiteti, atakhalira matumba a feteleza. Kuyambira tsiku limenelo pepala lililonse limene anapatsidwa ankalidinda ndi chalacho osadziwa kuti likuti chiyani. Anadinda pa maesiteti anayi. Anadinda pokwatira, anadindanso pokatenga mtembo wa akazi awo kuchipatala. Ankati inki inawalowa m'khungu kuposa utomoni wa fodya.

Koma m'munda munalibe wowaposa. Anali ndi chingwe chowokerera fodya cha mamita makumi asanu, chomanga mfundo motalikirana mofanana, masentimita makumi asanu ndi limodzi, mfundo iliyonse phando limodzi. Akachitambasula mizere inkawongoka moti kapitawo ankabweretsa matenanti atsopano kuti adzaonere. Chilembo sankachidziwa, koma pa nkhani ya mtunda sukanawanamiza.

Ana awo anayi oyamba sukulu anangoilawa. Matenanti amafika pa esiteti mu Okutobala, teremu itayamba kale, makalasi atadzaza, ndipo mwana akasowa pokhala amathera m'chigafa kusoka fodya. Anatsala ndi chitsiriza, Modester, wa zaka zisanu ndi zinayi. Za ameneyu ankanena poyera, ngakhale kwa anthu osawafunsa: "Uyu yekha adzalemba dzina lake ndi cholembera."

Sukulu yathu ili ndi zipinda zisanu za njerwa ndi ana oposa chikwi. Ana a matenanti akafika mochedwa, a hedi ankangotambasula manja. Ndiye a Namakhwa anakapempha chigafa chakale chimene chinali kumapeto kwa esiteti, m'mphepete mwa msewu. Anachifolera okha, nakhoma mabenchi khumi ndi awiri a bulugamu. Ine Feliya, amene ndinakhoza Fomu 4 koma ndinasowa kolowera, ndinayamba kuphunzitsamo mongothandiza. Choko ndi mabuku otsala ankatipatsa a hedi, mayeso ana ankalemba a sukulu yomweyo. Analimo ana makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Palibe amene analemba kalata yopempha chilolezo kulikonse. Ana ankaimba a, e, i, o, u, ndiye tonse tinkangoti ndi sukulu.

Kutsidya kwa msewu, kumunsi pang'ono, kunali lesitilanti ya a Moffat, mwana wa m'mudzi momwemo. Ndisaname, a Moffat si munthu woipa. Ankagulitsa mpunga, tchipisi ndi nyama ya mbuzi, koma nyengo ya mabelo, yogulitsa fodya, alimi ankangowadutsa kukadya kumene kuli mowa. Anakapempha laisensi ku boma kuti azigulitsa mowa, ndipo tsiku lina pa khoma lawo panamatidwa chikalata.

Amene anawawerengera a Namakhwa chikalatacho anali Modester. Anaima chonyanyamphira, chala chikutsatira zilembo, akudula mawu pang'onopang'ono. Chinkati mowa suloledwa kugulitsidwa pasanakwane mamita mazana awiri kuchokera pa sukulu, ndipo amene ali ndi chotsutsa abwere ku msonkhano Lachinayi. Bambo aja anavula chipewa atagwira pakamwa. Kanali koyamba pepala kuwalankhula kudzera mwa mwana wawo.

"Aphunzitsi," anandiuza masana ake, "ine ndinaona pa esiteti ina ku Njombwa. Mowa ukayandikira ana, nyengo ya mabelo atsikana amaitanidwa ndi amuna a ndevu. Wangayu ayi."

M'mawa mwake anamangirira chingwe pa nsanamira ya chigafa nawoloka nacho msewu, njinga zikuwaimbira belu, anyamata a kabaza akuseka kuti agogo akuwokera fodya pa msewu. Zingwe ziwiri ndi mfundo makumi awiri, mpaka pa khonde la a Moffat. Anayeza katatu. Ine ndinawerengera pa pepala: mamita zana limodzi ndi khumi ndi awiri. Ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndine ndinawalimbikitsa kuti tapambana kale, ndipo zimenezi zimandidya mpaka lero.

A hedi atamva anabwera okha ku chigafa. "Bambo Namakhwa, ku msonkhanoko nenani zilizonse, koma chigafachi musachitchule." Sanafotokoze chifukwa. Ife ndi nzeru zathu zoperewera tinati awagula ndi mbale ya mbuzi.

Lachinayi kunabwera anthu atatu ochokera ku boma, wotsogolera wawo ali mayi wa magalasi atanyamula fayilo. Eni mudzi anakhala pa mabenchi, matenanti pansi kumbuyo, monga mwa nthawi zonse. A Namakhwa ataimirira, wina anang'ung'udza kuti mlendo ndi mame, asalowerere za eni nthaka. Mame a zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri! Iwo anangoika chingwe chawo pa tebulo nanena nambala ija mosaphonya.

"Mwayeza kuchokera pati, bambo?" anafunsa mayi wa magalasi.

"Pa kalasi ya ana athu, amayi."

"Kalasi iti?"

Tinawaperekeza tonse, ine ndili patsogolo ngati wopita kukalandira mphatso. Mayi uja anayang'ana denga la udzu, nsanamira zodyedwa ndi chiswe, malole a nkhuni akudutsa pafupi. Anafunsa chimbudzi, tinaloza kutchire. Kenaka anatsegula fayilo natulutsa mapu. Malire a sukulu ankathera pa mzere wa mitengo kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo kuchokera pamenepo kufika kwa a Moffat anayeza ndi tepi yawo napeza mamita oposa mazana atatu.

"Ichi pa mapu palibe," anatero. "Si sukulu. Analoleza ndani kuti ana aziphunziramo?"

A hedi anangoyang'ana nsapato zawo.

"Dengali likagwera ana adzayankha ndani? Inu, bambo?"

"Ndinafolera ndekha, amayi. Silingagwe."

Mayi uja analemba china chake m'fayilo. Sanakalipe. Akanakalipa, tikanapeza womuda.

Makalata awiri anafika sabata imodzi. Ina inapatsa a Moffat laisensi. Inayo inatseka chigafa, ndi kulamula kuti ana onse akalowe m'makalasi a njerwa. Kulamula n'kosavuta. Sitandade 3 inali kale ndi ana zana limodzi ndi makumi asanu ndi awiri. Modester ankakhala kunja, pansi pa zenera, akumva mawu a mphunzitsi koma bolodi osaliona. Mvula ikagwa ankabwerera kunyumba kope litanyowa. Bambo ake ankamuperekeza m'mawa uliwonse mpaka pa mitengo ija, iye n'kumabwerera m'mbuyo mwawo akulira. Anzake anayamba kusiya mmodzimmodzi. Itafika nyengo yothyola fodya, panalibenso mphunzitsi wopita kwa kapitawo kukaitanitsa ana monga ndinkachitira ine, poti ndinali nditaletsedwa. Pofika Febuluwale Modester anali m'chigafa china, chenicheni, singano yosokera fodya ili m'manja.

Chigafa chathu sichinakhalitse chopanda ntchito. Mwini esiteti anachibwereketsa kwa a Moffat kuti makasitomala azikhala pamthunzi, popeza pa khonde sankakwana. Denga lija, loti ligwera ana, lilipo mpaka lero, silinagwe. Mabenchi khumi ndi awiri aja amakhalapo amuna a ndevu, mabotolo ali pakati pa miyendo. Pa nsanamira yapakati pakadali a, e, i, o, u amene ndinalemba ndi khala. Ine ndikamapita kumsika ndimazungulira njira ya kudambo.

A Namakhwa sanadandaule kwa munthu. Ndinapita kukawapepesa, iwo anangoti, "Ndinayeza bwino, aphunzitsi. Chingwe sichinaname." Kenaka anawonjezera chapansipansi: "Ndikanangokhala, bwenzi akuphunzirabe."

Mu Okutobala chaka chatha ndinali pa esiteti pamene kapitawo ankayenda ndi mapepala a mgwirizano wa chaka chatsopano, olembedwa m'Chichewa. A Namakhwa analandira lawo ndi manja awiri naitana Modester. Mtsikana uja anapukuta manja m'chitenje, naika chala pa mzere woyamba monga ankachitira kale. Milomo inagwedezeka. Anatchula mawu awiri, naima. Anayambiranso, naimanso pomwepo. Kapitawo anali akugogoda kabokosi ka inki ndi chikhadabo.

"Ababa," anatero osadzutsa mutu, "ndaiwala."

A Namakhwa anamusisita pa phewa. Anatenga pepala lija, naliyala pa bondo, natambasula chala chawo chachikulu cha kumanja.