Mbaula ya chumuni ya a Baptista Sandramo

Anthu a ku Zóbuè amawadziwa a Baptista Sandramo ngati mmisiri wowotcherera zitsulo. Ochepa okha ndi amene amadziwa kuti bambowa anafika zaka makumi anayi asanagulepo juzi. Anabadwira ku Malabwe, kufupi ndi Moatize, kumene dzuwa limawotcha kuyambira m'mawa. Migodi ya malasha itatsegulidwa, anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri ku Chipanga, kukonza magalimoto akuluakulu. Ntchitoyo itatha mu 2016, anasamukira kumapiri a ku Zóbuè, kwawo kwa akazi awo, a Délcia.

Kumeneko anamanga ofisina, kanyumba kogwiriramo ntchito, m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Iwo ankawotcherera pakhonde, ndipo a Délcia ankasoka mayunifolomu ndi madiresi a zitenje za kapulana m'chipinda cham'kati. Mwezi wa Junyu utafika, nkhungu inkakuta phiri mpaka masana. Zala za a Délcia, zomwe zinali kale ndi nyamakazi, zinkauma moti ulusi sunkalowa m'singano. Mayiwo ankayatsa mbaula ya makala pakhomo, chitseko chili chotsegula, monga amachitira aliyense wobadwira kumeneko.

A Baptista sankamvetsa zimenezi. "Amake Rebeca, inu mukufunditsa msewu wonse," ankatero.

Tsiku lina anabwerako ku Moatize ndi thumba la malasha otola m'mbali mwa msewu, amene ankati ndiwo moto weniweni. M'mawa mwake anawayatsa m'mbaula, naiika pafupi ndi makina osokera a akazi awo, natseka mipata yonse ya zenera ndi chitseko ndi nsanza. A Délcia anadandaula za fungo, koma kufunda kunawakomera. Bambowo anapita kukakonza geti kutchalitchi.

Amene anazindikira kuti zinthu sizili bwino ndi a Inácia, ogulitsa mbatata ya kachewere pafupi ndi ofisinayo. Anadabwa kuti makina akhala chete nthawi yaitali. Atakankha chitseko, anapeza a Délcia atagwera pansalu imene ankasoka, ndipo anawakokera panja. Kuchipatala, namwino anauza a Baptista kuti akanadutsa ola lina, nkhani ikanakhala ya maliro.

A Délcia anachira, koma anakana kulowanso m'chipindamo. Anati makina awo, amene anawapalasa zaka makumi awiri, angowapereka kwa mng'ono wawo, iwo azikalima. A Baptista ankadziwa kuti zala zimenezo sizingagwire khasu, ndiponso kuti amene wawachotsa pantchito ndi iwo eni. Anapita kwa amakanika nakapempha zigoba ziwiri za mabuleki a lole yakufa.

Zigobazo anazilumikiza kukamwa ndi kukamwa, nadula kachitseko kolowetsera nkhuni, naika nthiti zachitsulo m'kati kuti phulusa lizigwera pansi. Pamwamba anawotchererapo paipi yotulukira pakhoma n'kukwera kupitirira denga. Pansi pa chitseko cha chipinda anaboola mpata wolowera mpweya, pamalo pomwe poyamba anatsekapo ndi nsanza. Kenaka anayatsa masamba aawisi n'kuyang'ana pamene utsi ukudontha. Anapeza malo atatu, nawotchereranso. Malasha otsalawo anakawakwirira kudzala.

Pa Loweruka m'mawa anaitana akazi awo kuti adzaone. A Délcia anaima patali, a Inácia ali pambali pawo.

"Sindilowa," anatero a Délcia. "Lowani inuyo, abambo ake Rebeca, mutseke chitseko."

"Ndilowa. Nanga mudziwa bwanji kuti ndili moyo?"

"Aziimba," anatero a Inácia. "Akangosiya, anzanga, tithyola chitseko."

A Baptista anayatsa zitsononkho ndi nkhuni za bulugama, nadzitsekera. Utsi unayamba kutuluka pamwamba pa denga, ndipo iwo anayamba nyimbo za kutchalitchi. Mawu awo ndi oipa kwambiri, moti a kwaya anawapempha kale kuti azingowomba m'manja. Nyimbo zomwe amazidziwa ndi zinayi zokha, ndipo anazibwereza kuyambira cha m'ma seveni mpaka dzuwa litaboola nkhungu. Oyendetsa mashapa, maminibasi onyamula anthu, ankachepetsa liwiro kuti amve. A Délcia sanaseke ngakhale kamodzi. Anakhala pabenchi manja ali m'khwapa, maso ali pachitseko.

Mwadzidzidzi nyimbo inaduka. A Délcia anadzambatuka, nakankha chitseko ndi phewa. Anapeza amuna awo atavula juzi, akumwa madzi.

"Pakhosi pauma, amayi," anatero.

A Délcia anaima pakati pa chipinda nanunkhiza mpweya. Munalibe fungo lina koma la mafuta a makina. Anatambasula manja pafupi ndi chitsulo chofundacho, napinda zala n'kuziwongola kangapo. Kenaka anavundukula makina, natenga ulusi, ndipo unalowa m'singano ulendo woyamba.

"Tulukani, mukundiphimba kuwala," anatero. "Ndipo musaimbenso. A Inácia sanagulitse kanthu chiyambire m'mawa."

Chichitikireni zimenezi, a Baptista apanga mbaula zotere khumi ndi zinayi za akalipentala ndi osoka ena a m'derali. Iliyonse amayamba aiyesa okha ndi masamba aawisi, ndipo sachoka pakhomo mwini wake asanaboole mpata pansi pa chitseko. Makina a a Délcia amamveka kuchokera kumsewu Junyu yense.