Kulira kwa Babatoni Wanga

Ndinali ndi ofisina, malo anga a ntchito zamanja, m'mbali mwa msewu wopita ku Majaua. Chinali chisakasa cha udzu chabe, koma ndinkachitchula ofisina mopanda manyazi. Ndinkapanga ndi kukonza babatoni, gitala wamkulu wa nsambo imodzi woimba besi uja. Luso ndinalitola pa kontrabasho, gitala wamkulu wa besi wa kumishoni amene chiswe chinamudya mimba. Nditamutsegula n'kuona m'kati mwake ndinati, izi nanenso ndingathe. Zanga zinali bokosi la mbawa, chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali wa bulugamu ndi waya wosolola m'tayala la galimoto.

Nkhondo itafika, oimba anatha. Ena anaoloka mtsinje wa Ruo kuthawira ku Malawi, ena anatengedwa ndi a mfuti. Ine ndinakakamira, poti kuuma mutu ndinabadwa nako. Vuto linali lakuti babatoni sungamumalize osamuliza. Umamanga nsambo, kuiliza, kumvetsera, kumanganso. Ndipo kulira kwake, ukakhala patali, sikusiyana ndi mizinga ikamagunda kuseri kwa phiri.

Tsiku lina ndinamuliza masana, mudzi wonse n'kuthera m'chinangwa. Ndinaseka, ndisaname. Atabwerako anthu, alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, amene ankakhala kuseri kwa ofisina, anandipeza thalauza lawo lili chisoso chokhachokha.

"Alamu, chinthu chanuchi chitiphetsa," anatero. "Bwanji mudikire nkhondo ithe?"

"Ithe liti, alamu? Manjawa aiwala ntchito."

Ndinayesa kuliza pang'onopang'ono, chibwano nditachitsamiritsa pamtengo wa babatoniyo kuti ndizimva ndi mafupa. Sizinkandikwanira. Pakapita masiku ndinkalizanso mwamphamvu, n'kumadzinamiza kuti kamodzi si mlandu. Anthu anathawa kachiwiri, kachitatu, kenako anazolowera. Kukamveka kugunda, amayi pachitsime ankangoti, "Ndi wamisala wa ku ofisina uyo," n'kupitiriza kutunga. Ine ndinkakondwa kuti andileka.

M'mawa wina ndinapita kudambo kukavuula chikopa chimene ndinaviika. Ndili komweko ndinamva kugunda kawiri cha kumudzi. Mwa anthu onse, ndine ndekha amene ndinadziwa motsimikiza kuti si babatoni, chifukwa womuliza ndinali nditaima m'matope. Sindinathamange kukachenjeza munthu. Ndinagona m'bango mpaka dzuwa kupendeka. Anali mantha basi, palibe dzina lina loti ndiwapatse.

Mkazi wanga anapulumuka, anali kumunda. Alamu tinawapeza atafa pakhonde pawo, dengu limene ankaluka likadali pamiyendo. Akazi awo, amene anathawa zipolopolo zili kale m'mudzi, anatiuza kuti atamva kugundako anawakoka dzanja, amuna awowo n'kungoseka. Amvekere, "Khala pansi iwe, alamu ayambapo zawo zija."

Tinaoloka Ruo sabata yomweyo. Sowo, tchizulo ndi babatoni amene ndinali ndisanamalize ndinazisiya momwemo, ndipo sindinafunsepo kuti zinathera kuti. Ku Malawi oimba ena atamva za ine ankabwera kudzandipempha. Ndinkawayankha kuti alakwitsa munthu, ine ndimakhoma mipando.

Mkazi wanga sanandinenepo mawu oipa pa nkhaniyi mpaka lero, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa koposa. Koma wailesi ikayamba nyimbo ya besi yolemera, amadzuka mwakachetechete n'kukaizimitsa, ine n'kumangoyang'ana pansi.