Mayi Amene Ankawerenga Mileme

Tsiku limene anthu ankaombera m'manja ntchito yake, mayiyu anali kumbuyo kwa holo ya payunivesite, atanyamula thireyi ya makapu a tiyi.

Kutsogolo kunali Pulofesa, akufotokozera alendo mmene anatulukira kuti mileme ya m'phanga lina imachepa nthawi iliyonse minda yapafupi ikapoperedwa mankhwala. Manambala amene ankaonetsawo mayiyu ankawadziwa ngati mayina a ana ake. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi iye ankakhala pakhomo pa phangalo dzuwa likamalowa, kope lili pamwendo, kuwerenga mileme ikamatuluka. Pulofesa anafikako kawiri kokha, ndipo kachiwiriko anathawa fungo.

Mlendo wina anafunsa nyengo imene milemeyo imaswana. Pulofesa anayankha zabodza. Mayiyu zinamukanika kumeza.

"Pepani bwana, imaswa mvula ikangoyamba. Zili m'kope lachinayi."

Alendo onse anatembenuka kumuyang'ana. Pulofesa anamwetulira.

"Musatekeseke naye uyu. Amangotinyamulira katundu."

Anthu anaseka. Sabata isanathe, mayiyu anauzidwa kuti ntchito yatha. Makope ake khumi ndi awiri anatsala mu ofesi, ati ndi katundu wa yunivesite. Lipoti la kafukufukuyo litatuluka, analiwerenga tsamba ndi tsamba. Pulofesa anathokozamo ngakhale kampani imene inabwereketsa galimoto. Dzina la mayiyu munalibe.

Inu amene munakhetsapo thukuta wina n'kukatamandidwa nalo, sindikufunika kukuuzani mmene zimawawira.

Achimwene ake sanamubisire mawu. "Mlongo wanga, mayeso a kusekondale unalephera kawiri, pepala ulibe. Ulimbana ndi pulofesa ndiwe yani? Zisiye. Mileme si abale ako."

"Achimwene, sindikufuna kulimbana nawo," anayankha. "Ndikufuna tsiku lina ndikamayankhula, munthu asaseke."

Ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu anabwerera kusekondale, n'kukhala padesiki ndi ana amsinkhu wa mwana wake woyamba. Anamupatsa dzina loti Azakhali a Mileme. Akaweruka ankachapa zovala za anthu mpaka manja kung'aluka. Koma Loweruka lililonse ankapitabe kuphanga ndi kope latsopano, popanda womutuma, popanda womulipira.

Mayeso anakhoza. Yunivesite ina inamukana kawiri. Kachitatu sanadikire kalata. Anakagogoda pa ofesi ya mayi wina wophunzitsa za nyama zakutchire, n'kumuikira makope anayi patebulo. Mphunzitsiyo anawerenga nthawi yaitali osadzutsa mutu.

"Mwalemba ndi masiku amene simunaone bwino chifukwa cha mvula. Anakuphunzitsani ndani?"

"Palibe, mayi. Ndinkangoopa kunama."

Anamulandira. Sizinali zophweka. Masamu a kafukufuku anamugwetsa, anabwereza. Amuna ake anatopa naye, nati m'nyumba mwalowa mabuku chikondi chatuluka, ndipo anachoka. Mayiyu analira, m'mawa mwake anakalemba mayeso. Panapita zaka khumi ndi chimodzi kuti atchedwe Dokotala.

Chaka chomwecho kampani ina yophwanya miyala inapempha chilolezo chophulitsa phiri la phanga lija. Loya wa kampaniyo anauza komiti yopereka zilolezo kuti m'phangamo mulibe kanthu, ndi ndowe zokhazokha. Mayiyu anaimirira. Anaonetsa kuchuluka kwa milemeyo chaka ndi chaka, ndi mulu wa tizilombo towononga mbewu timene imadya. Alimi amene anabwera kudzamvera anayamba kung'ung'udza, ena kuimirira. Komiti inakana chilolezo.

Musaganize kuti zonse zinakonzeka. Pulofesa uja sanapepese mpaka anapuma pantchito, ndipo lipoti lija likuwerengedwabe ndi dzina lake lokha. Zimenezi n'zonyansa, ndipo tisamazikometse.

Lero mayiyu amaphunzitsa payunivesite. Ophunzira ake amadandaula kuti salola munthu kulemba za nyama imene sanaione ndi maso ake, koma kalasi yake imadzaza mpaka ena kukhala pansi.

Mwina nanunso alipo amene akukudyerani masuku pamutu chifukwa mulibe pepala. Kwiyani ndithu, muli ndi chifukwa. Koma mkwiyo umenewo musauthere pakulira. Pitani nawo m'kalasi, pitani nawo kuntchito imene mukuidziwa. Musataye mtima, ndipo musasiye.