Madzi Ofiira M'kagalasi ka Adotolo

Amuna anga anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ali ndi jekete labwino, njinga ndi chifuwa. Ine ndinali mtengwa kwawo, kuseri kwa phiri la Domwe, mwana wathu woyamba akali kumsana. Nyengo yachisanu itafika, tsiku lina tikukumba mbatata za kachewere kudimba, anakhosomola n'kulavula magazi pamzere. Anafotsera ndi phazi msanga, koma ndinali nditaona.

Tinapita nawo kuchipatala cha ku mishoni. Kumeneko kunali amadre, masisitere awiri ovala zoyera, ndi enfermero, namwino wamwamuna wakwathu konkuno amene ankatanthauzira odwala. Adotolo achipwitikizi ankabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Ulongwe. Atawamvetsera pachifuwa ndi kumsana, anati phapo la kumanja lili ndi bala, ndipo anatulutsa bokosi lathabwa.

Bokosilo sindidzaliiwala. Munali magalafa awiri, mabotolo aakulu olumikizidwa ndi kapaipi kamphira, ndipo pambali pake panali kagalasi kopindika ngati ndowe, muli timadzi tofiira. Anawagoneka chammbali amuna anga, dzanja pamutu, n'kuwabaya singano yaitali pakati pa nthiti. Ine ndinaima pakhomo, mwana akuyamwa. Singano itangolowa, timadzi tija tinayamba kuvina. Akakoka mpweya tinkakwera, akatulutsa tinkatsika. Atakhosomola tinalumpha ngati tikufuna kutayika. Adotolo sankayang'ana nkhope ya wodwala ayi, maso awo anali pa timadzi tokha. Kenaka anakweza galafa limodzi, madzi a m'menemo n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono.

Pobwerera, amuna anga analephera kukwera chitunda chimene popita anachikwera okha. Ankapuma mwawefuwefu, atagwira mtengo.

Apongozi anga atamva zonse anati, “Madziwo mwati ofiira?”

“Ofiira, amayi.”

“Nanga kufiirako akutenga kuti? Inu apongozi, simunamve za anamapopa? Amayamba ndi kuyeza munthu, aone ngati ali ndi magazi ambiri.”

Ine ndinaphunzirako pang'ono kwa amadre, ndipo ndinkadziona ngati wosakhulupirira zotere. Koma maso anga anali ataona munthu akulowa m'chipinda akupuma bwinoko n'kutuluka akubanika. Adotolo anatiuzanso kuti tizibwerera kawirikawiri kuti akawonjezere. Kuwonjezera chiyani? Ulendo uliwonse ndinkasuzumira m'magalafa muja ndisanachoke, kuona ngati mwatsala kanthu ka amuna anga.

Ulendo wina ndinamupeza enfermero uja akutsuka masingano kuseri, ndipo ndinalimba mtima.

“Pepani bambo, ndifunseko. Chimene mumachotsa m'chifuwa mwa amuna anga mumapita nacho kuti?”

Anandiyang'ana, n'kupukuta manja. “Sitichotsa kanthu, mayi. Timalowetsa mpweya. Mpweyawo umapanikiza phapo lodwalalo kuti lifote, lisamagwire ntchito, bala lipole.”

“Nanga timadzi tija?”

“Timaonetsa mphamvu imene chifuwa chikukokera mpweya. Tikamavina ndiye kuti singano ili pamalo pake. Tikakwera kwambiri adotolo amasiya, kuopa kumufinya munthu. Kufiirako ndi utoto chabe, kuti tizioneka.”

Anayankha bwino, mwaulemu. Koma anayankha mofulumira kwambiri, ngati mawu amene wawanena kale kwa anthu ambiri, ndipo ndinadzifunsa kuti anamuphunzitsa kuyankha choncho ndani. Munthu wosowa mpweya n'kumuchiritsa pomuchepetsera mpweya? Sizinandilowe. Komanso kumudzi kwathu kunali mayi wina amene anapita ku bokosi lomwelo, ndipo tinamuika m'manda mvula isanagwe.

Amuna anga okha ndiwo sankatekeseka. Ankati ku migodi anaona azungu enieni akubayidwa chimodzimodzi. Apongozi ankawayankha kuti, “Unaona akubayidwa, koma unaona zimene zinali m'magalafa awo?” Magazi anali atasiya kutuluka, izi n'zoona. Koma apongozi ankawamwetsanso mizu m'mawa uliwonse, ndiye aliyense ankaloza kwake.

Chimanga chitayamba kumasula tinapitanso. Adotolo anabaya, timadzi osagwedezeka. Anazula singano, n'kubaya pena. Timadzi tinangoti zii. Amuna anga ankapuma ndithu, ndinkaona nthiti zikukwera ndi kutsika, koma kagalasi sikanawamve. Adotolo analankhula mwachidule ndi amadre, natseka bokosi osalowetsa kanthu.

“Akuti phapo lamatirira kunthiti, mpweya ulibenso polowa,” anatero enfermero. “Kukakamiza n'kupha munthu. Pitani mukapumule, muzidya bwino. Mankhwala atsopano a jakisoni akafika tidzakuitanani.”

Ine mumtima ndinati basi, atha kukolola, tsopano akutitaya. Apongozi atamva anayamba kulira ngati maliro achitika kale, nalamula kuti mwana wawo asadzapondenso kumeneko.

Patapita miyezi, katekisita anabwera ndi uthenga kuti mankhwala aja afika. Apongozi anakhala pakhomo kutsekera njira mwana wawo. Amuna anga anavala jekete lawo n'kunena motsitsa mawu kuti, “Amayi, chifuwachi n'changa. Ndipatseni mpata.” Ndinawatsatira ndikukankha njinga, osati chifukwa ndinakhulupirira, koma kuti ngati pali choipa chichitike ine ndikuona. Bokosi lija silinatulukenso. Anali majakisoni a pathako, ambiri, mpaka khutu limodzi linagontha.

Anakhala ndi moyo mpaka kukwatitsa mwana wathu wachitatu. Thumba la mbatata sanalisenzenso, ndipo pachitunda ankaima kawiri kapena katatu, koma ankalima pang'ono ndi kuweta ng'ombe. Iwo ankati anachira ndi bokosi ndi majakisoni. Amayi awo anamwalira akunenabe kuti mwana wawo anapulumuka chifukwa azungu anamupeza atauma, alibenso magazi oti n'kupopa. Ine ndikafunsidwa ndinkangoti sindidziwa, ndipo sikunali kuzemba.