Thumba la Koko la Atate

Kampeni kaja ndikali nako. Chigwiriro chake chinathyoka kalekale, amai n'kuchikulunga ndi mphira ya njinga. Ndi kamene ankang'ambira njere za koko dzinja lija atate anapita ku Tanzania kukayendetsa malole, nchito ya kufakitale kuno ku Kafue itawathera.

Kokoyo anabwera ndi amalume, mlongo wa amai, amenenso ankayenda msewu womwewo. Linali thumba la chiguduli, losadzaza, la kafungo kowawasa. Ine ndinkangodziwa chokoleti cha m'shopu, ndiye nditaona tinjere tonga mtedza wofota ndinakhumudwa zedi. Uthenga wa amalume ndimaukumbukabe: "Ba mulamu akuti musunge bwino. Osaika pansi, osaika mu pulasitiki, osafendeza pafupi na nsomba. Osakazinga mpaka babwere, muzapanga pamodzi, muyambe bizinesi."

Nsomba! Nyumba yathu yonse inali nsomba. Amai ankagula zouma ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika, moti makatani, yunifolomu yanga, ngakhale Baibulo, zonse zinkanunkha utsi. Koko ndiye amatenga fungo la chilichonse chimene wagona nacho. Choncho amai anatulutsa madengu a nsomba kukaika m'kakhumbi kodontha kuseri, thumba la atate n'kulowa kuchipinda, pamatabwa osanjika panjerwa, kutali ndi khoma. Lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Chinthu chimene chinkatidyetsa chinkagona kunja pamvula.

Chinyezi cha ku Kafue amachidziwa ndi amene anagonako. Chimachokera kudambo n'kulowa mpaka m'machesi. Dzuwa likangoti nyezi, tinkayanika njerezo pamphasa, amai n'kumazitembenuza ndi manja. Mtambo ukada chakuphiri, eee, tinkathamanga ngati nyumba ikupsa. Lamlungu tikabwera kutchalitchi, asanavule n'komwe duku, ankatapa njere zingapo n'kuzing'amba ndi kampeni kaja. M'kati mukakhala mofiirira, mong'alukang'aluka, mtima wawo unkakhala pansi. Akapeza ya chuku, ankakhuthula thumba lonse n'kuyamba kusankha imodziimodzi mpaka msana kuuma.

Kukhumbi kuja nsomba zina zinachita chuku, tinataya. Azimai anzawo akutchalitchi ankawauza kuti angokazinga agulitse, asavutike ndi mwana. Yankho lawo linali limodzi: "Eni ake akubwera."

Khirisimasi inadutsa. Foni ya atate inayamba kulira mwa apo ndi apo, kenaka zii. Koma amai sanasiye kuyanika.

Chimanga chitayamba kukhwima, amalume anabweranso, chimanjamanja. Anakana kulowa m'nyumba, anakana ndi tiyi yemwe. Anakhala ndi amai pansi pa mtengo wa mango, akulankhula chapansipansi, ine n'kungotolako mau akuti "ku Tunduma" ndi "mwana wakhanda". Ndinadzadziwa nditakula kuti atate anali ndi banja lina kumeneko, kumalire a Tanzania. Amai sanalire. Anangoti, "Ndamva, alongosi," n'kuwaperekeza kumsewu.

Kutacha sanapite kumsika. Anakoleza mbaula, makala ochepa, n'kuika chiwaya. Ankathira njere pang'onopang'ono, akutakasa osalekeza, mpaka zinayamba kuthetheka, makoko n'kulekana ndi mtima wake. Fungo lake! Linadzaza nyumba, linatuluka pakhomo, linagonjetsa ngakhale utsi wa m'makatani. Tinafikisa njere zofunda m'manja, amai n'kupeta palichero, timakoko n'kumauluka. Kenaka anagwira munsi. Anasinja, anasinja, thukuta lili kamukamu, mpaka ufa uja unatulutsa mafuta n'kusanduka phala lakuda lonyezimira. Ndinawapempha kuti ndiwalandire, anandikankha ndi chigongono. Sindinawaonepo akusinja ndi mphamvu yotero, ndipo tsopano ndikudziwa kuti sanali kusinja koko yekha.

Anatha thumba lonse, osasiya ndi njere imodzi. Anathira shuga ndi mkaka waufa, n'kutsanulira m'mbale kuti chiume. Madzulo anaitana ana onse a mumzere mwathu kuti adye. Chinali chamchengamchenga, chowawa kukhosi, koma tinanyambita ndi zala zomwe. Amai sanalawe. Ananyamula madengu a nsomba kuwabwezera m'nyumba, pamatabwa paja.

Ine ndinali kudumphadumpha. Paja anati tidzakazinga atate akabwera? Ndiye kuti afika mawa! Ndinakulunga chidutswa chachikulu m'pepala n'kuwaonetsa: "Ichi n'cha atate."

Anandiyang'ana, maso ali ofiira. Ndinkati ndi utsi wa mbaula.

"Idya, mwana wanga," anatero. "Chokazinga sichisungika."

Sindinadye. Ndinakachiika pawindo loyang'ana kumsewu wa ku Lusaka, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachotsapo nyerere. Ndinkadabwa kuti amai, amene anasamala thumba lija dzinja lonse, sankandithandiza. Sindinkadziwa kuti iwo anali atasiya kale kudikira tsiku lija anakoleza mbaula.