Pulogalamu Imene Amuna Anga Anasiya

Amuna anga anamwalira pa ngozi ya minibasi mu msewu wa M1, akuchokera ku Lilongwe. Tinakawaika kwawo ku Kaomba, nthawi imene anthu amathirira nazale za fodya. Laputopu yawo inali m'chikwama chimene anachifungatira pamiyendo. Apolisi anandipatsa chikwamacho, koma laputopuyo inali itapindika ngati mbale yakale.

Mwambo wamaliro utatha ndinabwerera pa Boma, m'nyumba yathu ya lendi. Ndinkadzuka, kusambitsa mwana wathu, kusesa, kenako kukhala pakhonde. Anthu ankabwera kudzandipepesa ndipo ndinkawayankha bwinobwino. Misozi sinkabwera. Apongozi anga aakazi atadzandiona anandiyang'anitsitsa nati, "Mwana wanga, kulira sikoletsedwa." Ndinangoti, "Ndamva, amayi."

Ine ndi malemuwo tinakumana ku sukulu ya makompyuta. Iwo anapitiriza kulemba mapulogalamu, ine ndinayamba kuphunzitsa atsikana kutayipa. Pulogalamu yawo imodzi inkagwira ntchito pa sitolo ina yogulitsa feteleza wa makuponi. Mlimi akapereka kuponi, wogulitsa ankatayipa nambala yake, pulogalamuyo n'kuona ngati kuponiyo sinagwirepo kale ntchito.

Tsiku lina m'mawa mwini sitoloyo anafika pa kabaza. Anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo. Anavula chipewa, nakhala pa mpando, n'kuyamba wandipepesa kaye. Kenako anati, "Mayi, ndachita manyazi kubwera nthawi ngati ino. Koma makuponi a chaka chino abwera ndi nambala zazitali. Makina aja akuzikana zonse. Anthu ali pa mzere, mvula ili pafupi."

"Khodi yake inali mu laputopu ija, bambo," ndinatero. Khodi ndi mawu amene wolemba pulogalamu amalemba, amene munthu angathe kuwerenga ndi kukonza. Pa kompyuta ya pa sitolo panali pulogalamu yophikaphika, yongogwiritsa ntchito basi.

"Ndiye palibe chochita?"

Ndinavala nsapato. Mwana ndinamusiya kwa aneba.

Kunja kwa sitolo kunali anthu ambiri, ena atakhala pa njinga zawo, ena pansi pa mtengo wa mango. Amayi ena a ku Kaomba anandizindikira ndi mpango wakuda, nandipatsa moni wa manja awiri. Mkati munkanunkha feteleza, malata akutentha.

Ku sukulu anatiphunzitsapo njira ina yotchedwa rifulekishoni. Pulogalamu ikamayenda, imasunga zinthu zake m'timagulu, chilichonse ndi dzina lake ndi chimene chasunga. Ndi njirayi umalemba kapulogalamu kako kofunsa inzakeyo kuti, uli ndi chiyani mkatimo? Imatchula maina onse, ngakhale amene wolemba anawabisa kuti ena asawagwire. Ukafuna, umatha kusintha chimene chasungidwa, pulogalamu ili chiyendere. Ndinali ndisanaigwiritsepo ntchito chichokereni ku sukulu. Ndinalakwitsa kangapo, mwini sitolo ataima kumbuyo kwanga akupukuta thukuta.

Kenako maina anatuluka pa sikirini. Amuna anga ankalemba maina m'Chichewa, mawu ophatikiza opanda mpata: dzinaLaSitolo, matumbaOtsala, mtunduWaFeteleza. Ndinawerenga mmodzimmodzi kutsika m'munsi. Panali lina lakuti ndikonzaMawa, ndipo linasunga mawu akuti inde. Sindikudziwa chimene ankafuna kukonza. Ndinaliyang'ana, ndikudikira kuti mwina china chake chichitike m'chifuwa mwanga. Ndinangomva ludzu. Ndinapempha madzi, mtsikana wogulitsa anandipatsa m'kapu ya pulasitiki.

Chimene ndinkafuna chinali cha m'munsi, kutalikaKwaNambala. Malemuwo anachitseka kuti china chilichonse cha kunja chisachisinthe. Ndinalemba mzere wotsegula, wina wosintha, n'kuikamo kutalika kwa nambala zatsopano.

"Tayesani kuponi imodzi," ndinauza mtsikana uja.

Anaitana agogo ena aamuna amene anali kutsogolo kwa mzere. Anatayipa nambala yawo, makina anavomera. Mwini sitolo anawomba m'manja kamodzi, kenako anakumbukira kuti ndine namfedwa, nabweza manja m'thumba.

Ndinawafotokozera bambowo kuti sindinakonze pulogalamuyo, chifukwa zosintha mwa njira imeneyi zimafufutika kompyuta ikazimitsidwa. Choncho ndinakonza kuti m'mawa uliwonse azitsegula kapulogalamu kanga, iko kazidzutsa ya malemu, kaziikamo nambala yoyenera, ntchito iziyamba. Ndinamuonetsa mtsikanayo poti azidina.

"Zinazo mwazisiya momwemo?" anafunsa bambowo.

"Sindinagwire china chilichonse."

Anandiperekeza mpaka panja. Anyamata anali atayamba kusenza matumba kukweza pa njinga. Bambowo anafuna kundiitanira kabaza, ndinakana, ndinayenda wapansi kudutsa pa msika. Ndinagula tomato ndi kabichi. Nditafika kunyumba aneba anandifunsa ngati zayenda bwino, ndinati zayenda.

Sitoloyo inagwiritsa ntchito mapulogalamu awiriwo nyengo imeneyo ndi yotsatira. Kenako kagulidwe ka feteleza kanasintha, makuponi a mapepala anatha, ndipo kompyuta ija bambo aja anaipereka kwa mdzukulu wawo wa ku sekondale. Ndinamva kuti mdzukuluyo anafufuta zonse kuti aikemo nyimbo. Panthawiyo n'kuti nditasamukira kale kwathu ku Chisemphere, kumene ndinalima chimanga ndi mtedza zaka zingapo ndisanapezenso ntchito yophunzitsa.