Kansalu Kofiira pa Handulo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, tikukhala ku Kanyenda, ababa akudula nzimbe ku esiteti. Njinga yawo inali yakale, koma ankaisamala kuposa mkanjo wawo wa Lachisanu. M'mawa uliwonse asanakwere ankatsina matayala, kugwedeza kaliyala, kenaka kuikankha pang'ono n'kufinya mabuleki onse awiri. Ine zinkanditopetsa. Mumtima ndinkati, munthu wamkulu kumapereka moni kwa njinga tsiku ndi tsiku ngati ndi apongozi?

Tsiku limenelo ababa anapita kuntchito wapansi, chinthu chimene anali asanachitepo. Njinga anaisiya itatsamira mtengo wa mango, atamanga kansalu kofiira pa handulo. Palibe anafunsa chifukwa chake, poti maso athu anali pa Saidi, mlongo wanga wa zaka zinayi. Anadzuka thupi lili moto, ndipo dzuwa litakwera anayamba kutembenuza maso. Amayi anali m'chikuta, khanda la masiku atatu lili m'manja.

"Asiyatu, tenga njinga ya abambo ako uthamange naye kuchipatala," anatero amayi. "Usaime panjira."

Anamukhazika pa kaliyala n'kumumangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje. Kansalu kaja ndinakaona. Ndinakamasula, kupukutira chishalo, n'kukataya pansi. Zala zanga zinakhudza buleki, ndikukumbuka bwino lomwe, koma sindinafinye. Ndinati lero si tsiku la miyambo ya ababa.

Njira yoyamba inali ya mchenga, yosafuna buleki. Kunali zii. Kwinakwake ankawotcha munda wa nzimbe, ndipo phulusa lakuda linkagwa pang'onopang'ono pamikono yanga. Tsaya la Saidi linkanditentha pamsana. Kutsogolo kwa njinga kachitsulo kena kankalira ngwee ngwee, koma ndinkangopalasa, osafuna kudziwa.

Kenaka ndinafika pamtsetse wotsikira kumsewu waukulu. Njinga inayamba kudziyendetsa yokha. Ndipamene ndinamva thirakitala ikubwera, ikukoka ngolo zodzaza nzimbe. Ndinafinya buleki ya kumanja, inangofika pa handulo lobodo. Ya kumanzere chimodzimodzi. Ndinayesa kuponda tayala lakutsogolo ndi patapata monga ndinkaonera anyamata, patapatayo anangouluka. Mantha amene ndinamva sindinawamvenso m'moyo wanga. Msewu unali pomwepo, ndiye ndinakhotetsera njinga m'ngalande.

Popeza tinamangidwa chitenje chimodzi, ndinagwa ndi thupi langa lonse pamwendo wa Saidi. Thirakitala inadutsa, dalaivala osationa n'komwe. Itapita, ndinadikira kuti mwana alire. Sanalire. Ndinamuitana katatu konse, iye ali chete, phulusa likumugwera pankhope.

Bambo wina amene ankachokera ku Ngala ndi dengu la nsomba anatsitsa dengu lake pamsewu n'kutinyamula mpaka kuchipatala. Malungo anapola. Mwendo unali utathyoka pamwamba pa bondo, ndipo unalumikizana mokhota.

Ababa anatipeza kuchipatala madzulo. Ndinayembekezera ndodo, ndipo kunena zoona ndinkaifuna. Iwo anangopisa m'thumba n'kutulutsa timphira ta mabuleki, tinayi takutha ndi tinayi tatsopano. Takuthato anali atachotsa dzulo lake kuti akayerekezere pogula.

"Kansalu unakaona?"

"Ndinakaona."

"Buleki unafinya usanakwere?"

Ndinayang'ana pansi. Kenaka ababa anati, "Nanenso ndikanayenera kunena ndi pakamwa. Nsalu siyankhula, mwanangu." Anabweza timphira tija m'thumba.

Saidi lero ndi telala ku Dwangwa. Amayenda motsimphina, ndipo akafuna kundiseka amati ine ndi dalaivala wake woyamba. Sanandinenepo, ndiye zimandiwawa kwambiri. Ine ndikafuna kukwera kabaza ndimayamba ndafinya mabuleki ndi dzanja langa, anyamata n'kumaseka kuti amayiwa ndi apolisi apamsewu. Ndimawasiya aseke.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti ndinafulumira chifukwa chomukonda mlongo wanga. Tsopano ndikudziwa kuti chikondi chenicheni chinali chija ndinkachiseka m'mawa uliwonse pansi pa mango. Nthawi imene ndinakana kutaya inali yongokwana kufinya dzanja kamodzi, ndipo Saidi akutsimphinabe mpaka lero.